Tinkati ndi likodzo

Anzanga, wina aziti ndikukometsera nkhani, koma chipsera chili pamimba pa mwana wanga mpaka lero, ndipo chipsera sichinama.

Kwathu pachilumba, ku Mbungo, masiku amenewo, mnyamata kukodza magazi sinali nkhani. Ana ankakulira m'madzi, ndiye likodzo linali ngati chimfine, ena mpaka ankanyadira kuti akula. Wanga wachisamba, wazaka zisanu, anali katswiri wodumphira m'nyanja kuchokera pamiyala, koma ankakodza pogona, moti m'mawa uliwonse ndinkayanika mphasa yake ndikulalata, iye akundiseka kuseri kwa mlambe. Ha, masiku okoma aja!

Atayamba kukodza zofiira, apongozi anga anati ndi likodzo basi, bambo ake nawonso analidwala ali mwana, nanga si awo akunenepa ku Joni? Tinamumwetsa mapiritsi a likodzo, magazi osasiya, tinamumwetsanso. Ndani akanaganiza zina pachilumba pomwe mnyamata aliyense ankatero?

Tsiku lina ndinapeza mphasa ili youma, ndipo ndinakondwa mpaka kumugulira mandasi. Pofika masana mwana akungogubuduka, kamimba katauma ngati ng'oma, mkodzo osatuluka ngakhale dontho. Mayo ine! Ndinamubereka n'kuthamangira kuchipatala, komwe anamulowetsa kapaipi, nandiuza kuti muli chotupa, afunika kumtunda msangamsanga. Sitima inali itachoka dzulo lake, mwera ukuwomba. Tinakwera boti la ogula usipa, mafunde akutikhuthukira, ine nditakumbatira mwana ndi botolo la mkodzo wake, ndikuyesa kuimba nyimbo ya kutchalitchi koma mawu osatuluka. Chibadwire sindinaopepo chomwecho.

Titatumizidwa ku Blantyre, adokotala anati ndi khansa ya chikhodzodzo, ndipo tikanafika msanga mwina mankhwala akanafwetsa chotupacho, koma tsopano kunali kusankha, chikhodzodzo kapena mwana. Anatinso achotsa ndi kachiwalo kaumuna kogundana nacho, moti mwina sadzabereka. Apongozi anakana pafoni, ati mwamuna wosabereka ndi mwamuna wanji, mbumba ithera pati? Ndinawayankha mwaulemu kuti manda nawonso sabereka, ndipo ndinavomera opaleshoni ndekha.

Lero ndi mnyamata wamkulu, amakonza injini za maboti, Lamulungu amaimba kwaya, kathumba ka mkodzo kali phee mkati mwa malaya. Pamiyala paja sanadumphenso. Ndipo ine amene ndinkalalata uja, ndikaona mnzanga akuyanika mphasa yonyowa akutukwana kamwana kake, ndimamusirira mpaka misozi.

Ndimakhulupirira kuti Mulungu anandibwezera mwana kudzera mumpeni wa adokotala, ndipo sindidandaula. Koma inu anzanga, mwana akamakodza magazi, mapiritsi a likodzo n'kukanika, nyamukani sitima ikadalipo. Musadikire kuti mphasa iume.