Msana Wouma wa Amayi Olipa Sakala

Amayi Olipa Sakala tinawaika m'manda Lachiwiri lapitali, ndipo amayi a Chigwirizano andipempha kuti ndilembe za moyo wawo m'kalata ya mpingo. Ndilemba zimene ndinaona ndi zimene anandiuza okha pa zaka makumi atatu zimene tinakhala moyandikana. Zokometsera sindiikamo, pakuti eni ake ankadana nazo.

Anabadwa cha m'ma 1907 m'mudzi wina kufupi ndi Mkaika, chitsirizira mwa ana atatu: Reuben, Nelly ndi iwo. Pa zaka za utsikana wawo ndiziti Olipa chabe, andikhululukire. Makolo onse awiri anapita ndi chimfine chachikulu cha 1918, ndipo Reuben, akali mnyamata wosakwatira, anakhala mwini mbumba.

Olipa atafika zaka khumi ndi ziwiri, anthu anaona kuti mtsuko sukhazikika pamutu pake. Phewa lamanja linakwera, msana unayamba kukhotera kumbali ngati chikwakwa. Anzake ankamuseka kuti akuyenda chopepesa. Iye analowa kalasi, anaphunzira kuwerenga, nabatizidwa mu 1924. Chaka chotsatira anakwatiwa ndi Filimoni, amene anapita ku Halale kukafuna ntchito mkazi wake ali ndi pakati, ndipo sanamvekenso.

Mwana anabadwa wamwamuna, namutcha Ezara. Koma mimba imeneyo ndiyo inamaliza msana uja. Miyendo inayamba kuchita dzanzi, mpweya nkumabanika. Reuben ndi anzake anamunyamula pa machila ulendo wa masiku awiri mpaka ku chipatala cha mishoni. Dokotala anati msanawo ukapitirira kukhota, miyendo idzafa. Anati angathe kutenga kachidutswa ka fupa pa msongolo wake nkukaika pamsana, kuti mafupa a msana agwirane akhale fupa limodzi. Kukhota kudzaleka, koma kuwerama sadzaweramanso moyo wake wonse. Olipa anapempha kuti ayambe wapemphera, ndipo atati amen anavomera.

Miyezi isanu ndi inayi anagona chagada m'chikhakha, kuyambira m'khwapa mpaka m'chiuno. Nthawi yonseyo mwana ankaleredwa ndi Nelly. Nelly anakwatiwa chitengwa kumalire a Apwitikizi, kumene lero timati ku Vubwi, ndipo anali ataika ana ake atatu m'manda, osatsala ndi mmodzi yemwe. Anasiya nyumba yake, nabwera kumudzi kudzadyetsa Ezara phala ndi mkaka wa mbuzi. Mwanayo anaphunzira kuyenda atagwira nsalu ya Nelly, ndipo mawu ake oyamba akuti "ama" ananena kwa Nelly.

Olipa anabwerera kumudzi chimanga chikumasula, ali wowongoka ngati mzati. Kuyenda ankayenda pang'onopang'ono, koma akagona pamphasa sankatha kudzuka. Mapazi ake sankawafika. Nsalu ikagwa pansi ankangoiyang'ana. Amayi a mumpingo anamuzungulira ndi chifundo chonse, monga timachitira ife ndi wodwala: wina kumudzutsa, wina kumusambitsa, wina kumudzoza mafuta a nsatsi, wina kumugwirira chikho pakamwa ngati manja nawo anadulidwa.

Patapita sabata ziwiri Nelly anaitana Reuben pakhonde, Olipa ali chigonere pamphasa pomwepo.

"Alongo, tisanamizane," anatero Nelly. "Munthu wosatha kudzichotsa tekenya kuphazi angalere mwana? Amuna anga abwera kudzanditenga tikakolola. Ezara ndipita naye. Mwana wa mng'ono wanga ndi wanga."

"Ndi wanu, akulu, sindikukana," anatero Olipa. "Koma ndinamubala ndine."

"Unamubala, inde. Uyo ali apoyo akudya dothi. Tadzuka ukamutenge."

Olipa anayesa. Anakankha ndi zigongono, nkhope kuchita thukuta, koma thupi linakana. Nelly ndiye anapita kukamutola mwanayo, namukolokosa m'kamwa ndi chala.

Reuben anali munthu wosakonda phokoso, ndipo alongo ake onse awiri ankawamvera chisoni. Anakhala nthawi akukanda m'mutu, kenaka anati, "Kwatsala miyezi itatu kuti tikolole. Tsiku limene alamu afike, Olipa apite kumtsinje, asambe yekha, avale yekha, abereke mwana kumbuyo yekha, afike naye pakhomo pano popanda womukhudza. Akatero, mwana akhala. Akalephera, mwana apita, ndipo nkhaniyi ndisadzaimvenso."

M'mawa mwake amayi Grace, akazi a mphunzitsi, anafika ndi madzi ofunda monga mwa masiku onse. Olipa anati, "Amayi, ikani madziwo apo, mupite."

"Iwe, wodwala sagwira kanthu. Anthu atiyesa ife otani?"

"Mukandisambitsa lero, mwanditayitsa mwana. Chonde, pitani."

Amayiwo anachoka atakhumudwa, ndipo pofika madzulo mudzi wonse unali utamva kuti azungu poika fupa lija anaikamo ndi matama omwe. Olipa anamva, ndipo zinamupweteka, pakuti amayi amenewa ankamukonda. Koma sanabweze mawu ake.

Anayamba ndi kudzuka. Anapempha Reuben kuti amange chingwe cha luzi ku mtanda wa denga, chilendewere pambali pa mphasa. Anapeza kuti akagubuduzika thupi lonse pamodzi ngati chipika, nkugona chafufumimba, angathe kukweza thupi ndi manja kufikira atagwada, ndipo akagwira chingwe angathe kuimirira. Tsiku lachitatu anagwa. Anakhala pansi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, osaitana munthu, ndipo zina zimene zinamuchitikira pamenepo sizolemba m'kalata ya mpingo. Anadzikonza yekha. Pofotokoza za masiku amenewo amayi Olipa ankakonda kunena kuti, "Mulungu anandiumitsa msana, koma maondo anandisiyira." Chilichonse chimene ena amachita chowerama, iye anaphunzira kuchichita chogwada, ndipo poti wagwada kale, ankapempherako pomwepo.

Kusamba anamangirira chikho ku ndodo ya nsungwi kuti azitunga madzi ali chiimire. Mwala wotsukira mapazi anaupanikiza pakati pa mizu ya mkuyu, nkumakwecha chidendene atagwira nthambi. Nsalu anaphunzira kuitola ndi zala za kuphazi. Chimene chinamuvuta koposa chinali matekenya. Chala chachikulu cha phazi lamanzere chinatupa, chikutuluka mafinya, ndipo amayi Grace anabwera ndi singano, akuchonderera.

"Mwana iwe, chala chidzaduka ichi. Ndingochotsa ili limodzi, palibe adziwe."

"Ndidziwa ndine," anatero Olipa. "Ndisiyireni singanoyo."

Tsiku ndi tsiku ankakhala pa mtondo wovundikira, nkukola phazi ndi luzi, nkumalikokera pa bondo linzake. Miyendo inali itauma ndi kugona kuja. Sabata yachisanu ndi chimodzi phazi linafika, ndipo tekenya uja anatuluka.

Chotsala chinali kubereka, ndipo apa ndi pamene panali nkhani. Mkazi aliyense amadziwa mmene timachitira: umawerama, kumuponya mwana kumsana, iye nkugona pamenepo pamene ukumanga mbereko. Wosawerama alibe pogoneka mwana. Olipa anaganiza zoti mwanayo akhale pamalo okwera, iye agwade atamufulatira, mwana agwire yekha m'khosi, ndipo iye akoke mbereko kuchokera pansi. Anapempha Nelly kuti ayesere ndi Ezara.

"Ayi," anatero Nelly. "Yesera ndi dzungu. Dzungu likagwa tidya. Nanga mwana akagwa?"

Anayesera ndi dzungu. Maungu anayi anasweka, ana a m'mudzi akuonerera ndi kuseka. Potsiriza anatha kumanga dzungu kumbuyo ndi kuimirira nalo. Koma dzungu silipalapata, ndiponso silisankha mayi. Ezara akaona Olipa akuyandikira, ankathawira kuseri kwa Nelly. Miyezi inatha, nkhokwe zinadzala, ndipo mwanayo anali asanakhalepo pa miyendo ya amake ngakhale kamodzi.

Mwamuna wa Nelly anafika Lachinayi. Lachisanu m'mawa Reuben ndi mlamu wake anakhala pakhonde, ndipo akazi anatsikira kumtsinje: Olipa ndi ndodo yake, Nelly ndi mwana, amayi Grace ndi amayi ena awiri kukhala mboni. Katundu wa Nelly anali atamangidwa kale.

Olipa anasamba. Anatola nsalu yake ya biriwita ndi phazi, naimanga pachifuwa. Kenaka anayala mbereko pa thanthwe lofika m'chiuno mwa munthu wogwada, nati, "Akulu, mukhazikeni apa."

Nelly anamukhazika mwanayo pa mbereko, nabwerera m'mbuyo. Olipa anagwada atafulatira thanthwe, nagwira nsonga ziwiri za mbereko.

"Ezara, bwera, gwira apa."

Mwanayo anaona chipsera chachitali chotsika pakati pa mapewa, nayamba kukuwa. Anatambasulira manja kwa Nelly. "Ama! Ama!" Olipa anakoka mbereko pang'ono, mwana anapalapata, natsetserekera kumphepete kwa thanthwe. Amayi Grace anathamangira mwanayo.

"Musamukhudze!" anafuula Olipa. Anabwerera chogwada mpaka msana wake unatseka mphepete muja, ndipo mwanayo anatsamira pamenepo, akumumenya ndi tizibakera pa chipsera pomwe. Kucheuka kuti amuone sankatha. Manja ake kumbuyo sankafika bwino. Maondo anali pa miyala yakuthwa.

Anakhala choncho nthawi yaitali. Aliyense pamenepo ankadziwa kuti Nelly sakusowa kuchita kanthu. Akangokhala chete, maondo a Olipa atopa, nkhani yatha.

Olipa anatseka maso, napemphera chamumtima. Atatsegula anayang'ana Nelly. Munthu amene kwa miyezi itatu anapirikitsa aliyense wofuna kumuthandiza anati, "Akulu, zanga zonse ndachita. Ichi chokha sindingathe. Amamvera inu. Muuzeni kuti ndine amake."

"Ukundipempha kuti ndidzilande ndekha?"

"Inde, akulu. Ndikukupemphani zomwezo."

Nelly anayang'ana madzi. Anayang'ana mwana amene anamutafunira chakudya chaka chathunthu. Nkhope yake inali yolimba, ndipo amayi Grace anandiuza patapita zaka zambiri kuti iwo ankayembekeza kuti amutola mwanayo nkuyamba ulendo. Koma anasendera pafupi, manja atabisa kumbuyo kuti angakhudze, nati ndi mawu okalipa, "Ezara, leka phokoso. Awa ndi amako. Gwira m'khosi. Gwira, ndikuona!"

Mwanayo, akusisima, anagwira. Olipa anakoka mbereko, namanga mfundo ya pamwamba, namanga ya pansi. Anadzutsa bondo limodzi, natsamira ndodo. Koyamba analephera. Kachiwiri anaimirira.

Kuchokera kumtsinje kufika kumudzi ndi chitunda. Anakwera akupuma kawirikawiri, Nelly ali pambuyo pake penipeni, manja ali chire, osakhudza. Atafika pakhomo, Reuben anaimirira, nayang'ana magazi a m'maondo a mlongo wake, nati kwa mlamu wake, "Alamu, mwaona nokha." Nelly anamasula katundu wake, natulutsa timikanda ndi kachikho ka mwanayo, naika pakhonde. Anapita tsiku lomwelo osatsanzika.

Kuyambira pamenepo amayi Olipa anadzisamalira okha zaka makumi asanu ndi mphambu. Katundu pamutu dokotala anawaletsa, choncho madzi ankatunga pang'onopang'ono m'chipanda cha m'manja, maulendo asanu pamene anzawo apita kamodzi. Ankalima ndi khasu la mpini wautali. Chaka chilichonse akakolola, ankatumiza Ezara kukakhala kwa Nelly mwezi wathunthu, ndipo wina akafunsa chifukwa ankati, "Anandipatsa zimene akanatha kundimana." Pa njala ya 1949 Nelly, ali wamasiye, anabwerera kumudzi, ndipo anakhala m'nyumba ya mng'ono wake mpaka imfa yake. Ezara anakhala mphunzitsi, ndipo ambiri a inu anakuphunzitsani.

Mu Chigwirizano ntchito yawo inali kuyendera odwala, ndipo odwala ena ankawaopa. Akapeza munthu wakufa ziwalo mbali imodzi akumwetsedwa phala, ankalanda supuni nkuiika m'dzanja lamoyo. Achibale ankadandaula kuti ndi nkhanza. Iwo ankakhala pamenepo chogwada, akupukuta phala lotayika, kufikira supuniyo itafika pakamwa. Ndikudziwa anthu asanu ndi mmodzi mu mpingo uno amene amavala okha lero chifukwa cha kuuma mtima kumeneko, ndipo amuna anga malemu anali achisanu ndi chiwiri.

Mwezi wathawu mphamvu zinawathera. Tinapita atatu ndi beseni, tikukankhana kuti alankhule ndani, pakuti tinkawadziwa. Anatiyang'ana, naseka.

"Lowani, musaime ngati akuba. Ndisambitseni. Ezara ali ndi imvi tsopano, palibe adzandilande."

Tinawasambitsa masiku asanu ndi atatu. Tsiku lachisanu ndi chinayi masana anapempha Ezara kuti apemphere, ndipo iye asanafike pa amen anali atapita, mwakachetechete.

Amayi anzanga, pamaliro munalira mokwanira. Mu mpingo uno muli odwala amene tikuwalemaza ndi chifundo chathu, ndi ena amene tikuwasiya osawayendera nkomwe. Lachinayi likudzali tikumana pa tchalitchi kuti tigawane makomo amene amayi Olipa ankayendera. Ndi makomo khumi ndi anayi. Musachedwe.