Matumbo a Dalaivala wa ku Machinjiri

Amuna anga ankayendetsa minibasi ya ku Machinjiri, ndiye chaka china m'mimba munawaukira. Akangonyamuka pa siteji, Limbe asanafike n'komwe, aima, athamangira kuchimbudzi, anthu m'galimoto akutukwana. Mwini galimoto anatopa nazo, anati zikapitirira alanda makiyi. Nanga ife tikanadya chiyani?

Ndinawakokera kuchipatala. Dokotala anawatenga magazi, n'kutiuza kuti m'magazimo muli chizindikiro chosonyeza ngati matumbo ali olimba kapena ayamba kudutsitsa zosayenera, ngati sefa yong'ambika. Anati tidzabwerenso kudzamva zotsatira.

Apongozi anga, omwe anali atabwera kuchokera ku Nsanje kudzaona mwana wawo, atamva anagwira pakamwa.

"Munthu wowonda chonchi n'kumuchotsanso magazi? Inu amake mwana, mumangoyang'ana?"

Tsiku lomwelo anakathyola masamba a mapeyala kwa aneba, kuwawiritsa mpaka madzi kufiira, shuga wodzaza dzanja, pamwamba pake zakumwa zofiira za m'botolo, ati kubwezera magazi. Amuna anga, ndevu pepeya, ankangomeza ngati khanda. Ine kupsa mtima! Koma apongozi sayankhidwa, mkwiyo wanga unkathera pa mapoto potsuka. M'mimba muja ndiye munachita kunyanya.

Tsiku lobwerera ndinachita dala kuwatenga apongoziwo. Dokotala anati matumbo atupadi, n'kufunsa zimene wodwala akudya. Ine ndinangoyang'ana kudenga. Apongozi anafotokoza okha monyadira, osasiyako ngakhale shuga uja. Dokotala anaseka mpaka kuvula magalasi.

"Amayi, timagazi tinatenga tija thupi linabwezera kalekale. Amwe mankhwalawa, adye phala, nthochi, mbatata. Zotsekemera, tsabola ndi tchipisi cha pa siteji, ayi."

Ndinkati apongozi akwiya. Ayi ndithu, anangosintha ntchito. M'mawa mwake anavala chitenje chatsopano, kunyamula fulasiki ya phala, n'kukakhala mpando wakutsogolo pafupi ndi dalaivala. Wogulitsa tchipisi akangoyandikira pawindo, ankamuthamangitsa m'Chisena, anthu m'galimoto kufa nako kuseka. Ndinawakonda mayi amenewo, ndisaname.

Mwini galimoto atabwera kwathu pambuyo pake, nkhope ili gwa, anali asanamve kuti minibasi yake ikuyenda osaimaima. Asanakhale n'komwe pampando, apongozi anamutsekereza pakhomo.

"Makiyiwo asiyeni pomwe alipo, bambo. Dalaivala wanu ndamukonza ine."