Mkuyu wa a Vito ndi Ndowa Yake

Amene anavula mkuyu wa a Vito ndine, ndipo mpaka lero ndikakumbukira liwiro la azakhali ndimaseka ndekha m'basi. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Tinkakhala ku Longbridge, mumzinda wa Birmingham ku Mangalande, ine, amayi ndi azakhali Esnati, amene anali atangofika kumene kuchokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito yosamalira okalamba.

A Vito anali aneba athu, nkhalamba ya ku Italy yomwe inathera mphamvu zake pa fakitale ya magalimoto, pamene pali mashopu panopa. Kuseri kwa nyumba yawo kunali mkuyu umodzi. Chisanu chikamayandikira ankamanga nthambi zake ndi chingwe, n'kuukulunga mabulangete ndi kapeti yakale, pamwamba n'kuvundikira ndowa. Pawindo la kukhitchini kwathu unkaoneka ngati chimunthu chachitali chokwiya. Azakhali ankauopa. Amati chinthucho chimawayang'ana.

Ndiye tsiku lina mu Januwale, nditaweruka kusukulu, ndinadumpha mpanda, ndinauvula mtengowo, n'kudzikulunga ineyo, ndowa kumutu, n'kuima pageti lathu lakuseri. Azakhali anatulukira kuchokera ku shifiti akukoka miyendo. Ndinangogwedeza ndowa pang'ono n'kunena ndi mawu a besi, "Mwaswera bwanji, Esnati?" Jumbo uko, nsapato uko, "Mwazi wa Yesu!" mpaka pa siteji ya basi. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Mabulangete ndinawasiya pomwepo, ndipo kutacha udzu wonse unali utayera ndi chisanu.

Ndinawaona a Vito pawindo, atavala chijasi pamwamba pa zovala zogonera, akugwiragwira nthambi imodziimodzi ngati akufufuza pamene mwana wathyoka. Amayi anali atangolowa kuchokera kuntchito. Sanakalipe. Anakhala pampando osavula nsapato.

"Yamikani, ine ndatopa. Pita kwa agogowo, chimene akakuuze ndi chomwecho."

"But Mum, it's just a tree."

"Ndati pita."

A Vito anagamula kuti ndiukulungenso, kenako Loweruka lililonse ndizikawathandiza m'dimba mpaka tidzaone ngati mtengowo uli moyo. Ntchitoyo sinali vuto. Vuto linali nkhani. Mkuyuwo unachokera ku kanthambi kamene anadula pamtengo wa bambo awo n'kukabisa m'sokosi, choncho ndinayenera kumva za kwawo konse, m'Chingerezi chawo chopindikacho, zala zanga zikuuma.

Ndimakadziwa katauni kakwawoko kuposa Oldbury wapafupi pompano, chonsecho sindinapondeko. Kali kummwera kwa Italy, pamsonga pa phiri, nyumba zamiyala zitapanikizana, misewu yake masitepe okhaokha oti galimoto silowa. Kumunsi kuli mtsinje umene umauma m'chilimwe, ndipo nyanja imaonekera patali kunja kukayera. Mvula imagwa nthawi yozizira, yotentha ayi. Nthaka ndi dongo lomwe limang'ambika ndi dzuwa n'kugumuka ndi mvula. Pali mphepo ina yotentha yochokera ku Africa imene imasiya fumbi lofiira pazovala zoyanika. "Mphepo ya kwanu," ankatero akundiloza ndi fosholo, ngati ndinaituma ndine.

Mbiri ndiye inalibe mathero. Agiriki anabwera, Aroma, kenako enanso pa akavalo, aliyense kumanga khoma lake n'kutenga tirigu. Chivomezi chinagwetsa tchalitchi, anthu n'kumanganso ndi miyala yomweyo. Ine ndinkangoti "yeah, yeah," maganizo ali pa mpira.

Loweruka lina amayi anabweretsa tiyi pampanda, ndipo anafunsa chifukwa chake anthu anakamanga pamwamba pa phiri madzi ali kumunsi. A Vito anati makolo awo ankathawa achifwamba a panyanja komanso malungo a m'chigwa, ndipo mlongo wa bambo awo anafa ndi malungo.

"Malungo? Kwa azungu?" Amayi anaika kapu pansi. "Inetu ndinkayesa ndi athu okha."

Anacheza nthawi yaitali, za udzudzu, za kutunga madzi kutali, za achinyamata amene anachoka onse n'kusiya nyumba zokhoma ndi nkhalamba zokhala pakhomo. Amayi anati ndi kwathu kwenikweni kumeneko. Onse awiri anali atavala majuzi pamwamba pa majuzi.

Tikumanga chingwe ndinafunsa kuti akuvutikiranji ndi mtengo wosafuna dziko lino. Anapumira m'mwamba. "Mtengowu sudziwa kuti uli ku Birmingham. Ntchito yanga ndi kuunamiza chaka ndi chaka. Iwe unauuza zoona."

Titauvula mu Epulo nthambi zonse zam'mwamba zinali zakuda. A Vito ankangotuluka m'mawa uliwonse kukayang'ana. Kenako patsinde panatuluka timphukira tobiriwira, ndipo anagogoda pakhomo pathu ngati kwabadwa mwana.

Panopa miyendo yawo siwalolanso kutsika masitepe akuseri, ndiye chilango changa sichinathe. Novembala aliyense ndimaukulunga ndine, iwo akukalipa pawindo kuti chingwe chalekera. Ndinazindikira kuti amayi akamayatsa hita m'chipinda cha azakhali, yawo atazimitsa, amachita ntchito yomweyo yonamiza ija. Koma musayese kuti ndinalapa. Nkhuyu zoyamba kupsa ndimadya ndine, ndipo ndowa ija ndinaijambula maso. Azakhali amazungulirabe kugeti lakumaso.