Anganga Anaifunsa Kunsi

Fungo la phula lotentha likandipeza, ngakhale m'tauni pamene akukonza msewu, ndimaona anganga, bambo a mayi anga, atakhala padooko la Kachulu, utsi wa milamba yowamba ukuwalowa m'maso, iwo akumata ming'alu ya mabwato uku akuimba mluzu wopanda mutu. Za galimoto sankadziwa kanthu. Ngakhale minibasi ankachita kukwera mokakamizidwa.

Chaka china, ine ndili Sitandade 5, Chilwa anaphwa. Mabwato anangoti mbwee pamatope ong'ambika, chonsecho pakhomo tinalipo asanu ndi awiri odalira dzanja la anganga. Anganga anagulitsa makoka ndi mbuzi zonse kuti agule galimoto yakufa, aidzutse, izinyamula mpunga wa ku Likangala kupita ku Zomba. Agogo aakazi anangoti, "Mukakasankha molakwa, tidzadya matayalawo."

Ku Songani anapita ndi ine, poti ankandinyadira n'kumanditchula mkazi wawo wamng'ono. Kuseri kwa chigayo tinapeza mapikapu awiri. Ina inali yofiira, yonyezimira, ya wailesi. Inzake inali yotuwa, yopanda galasi, nkhuku itaikira mazira pampando.

"Madala, yofiirayi ikungofuna batire basi," anatero mwini wake, Che Saidi. Ine mtima dyokodyoko!

Anganga sanayang'ane n'komwe injini. Anandipatsira chipewa, nagona chagada, nalowa kunsi kwa yofiira ija ndi kahamala kawo ka mabwato. Tinamva phu! phu! Kenaka anatuluka nkhope yonse dzimbiri, mamba a matemba ali m'ndevu.

"Iyi inkanyamula nsomba zaziwisi," anatero akulavula. "Madzi a Chilwa ndi amchere, anaidya kalekale."

Atalowa kunsi kwa yotuwa, chitsulo chinayankha kuti ngwe! ngwe!

"Mkazi wanga, bwato saligulira utoto, amalifunsa kunsi. Injini amakaniko aliko, masipeyala a mtundu uwu ali mbwee ku Zomba. Koma msana ukawola palibe sing'anga."

Anagula yotuwa ija. Ndinalira njira yonse, thirakitala ikukoka chinthucho, anthu akukuwa kuti anganga agula khola la nkhuku. Miyezi inapita. Makaniko wina ankabwera Loweruka lililonse, ndipo anganga, imvi zili mbuu, ankaphunzira maina a masipanala ngati mwana wasukulu. Koma timabowo ta kumbuyo kokwera katundu anakana kuwotcherera. Anatimata ndi phula, monga bwato.

Tsiku limene galimotoyo inalira koyamba kunali dzuwa la Okutobala. Agogo aakazi anakwera kumbuyo monyada, atavala chitenje chakutchalitchi. Pofika ku Likangala phula linali litasungunuka, ndipo iwo kudzuka kunakanika. "Inu, mwandimata ngati bwato!" Tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Koma khola la nkhukulo linatidyetsa mpaka madzi anabwerera, ndipo palibe anagona ndi njala.

Chaka chatha nanenso ndinakasankha galimoto yanga yoyamba, yakale, yoti ndiziidzutsa pang'onopang'ono. Ndinamanga chitenje, n'kulowa kunsi ndi kahamala komwe kaja.

"Mayi, mukufunako chiyani kunsiko?" anadabwa wogulitsa.

"Ndikuifunsa," ndinayankha.

Chitsulo chinati ngwe! Ndinakhalitsako pang'ono kunsiko, kuopa kuti angaone misozi.