Karinya yatifera tili ndi amayi panjira

Moni nonse abale.

M'mawa uno karinya, galimoto yathu ija, yatifera pamtunda wa ku Fonte Boa, tikupita ndi amayi kuchipatala ku Ulongwe. Tachita kuwakweza pangolo ya munthu wodutsa. Afika atagona pamatumba a kachewere, akubanika, koma osadandaula. Awagoneka, pano akupezako bwino.

Amekaniko akuti yafa ndi bomba ya madzi, pampu ija yoziziritsa injini. Ku Kalomwe ilipo yotsika mtengo, koma wogulitsayo wandiuza poyera kuti, "Mukatuluka nayo muno sindikudziwaninso." Ya ku Tete ndi yolimba, ili ndi garantiya yoti ikafa msanga atisinthira, koma mpaka tigulitse ng'ombe imodzi.

Nditawafotokozera, amayi angoti, "Ng'ombe zisiyeni zilime, ine zanga ndinadya kale."

Mawuwa andilasa mtima. Adotolo akufuna aziwaona mwezi ndi mwezi, ndipo njira ndi yomweyi. Achimwene, alongo, tigule iti?