Timikate ta Galu ndi Alendo a Mphakati

Galu amene ndimakhala nayeyu anali wa mayi a kunyumba, osati wanga. Ndayamba ndi mfundo imeneyi chifukwa anthu ena kuno amalankhula ngati ndinangodzuka tsiku lina n'kuyamba kuphikira galu posowa chochita. Mayiwo anakamutenga kwa achemwali awo ku Chisepo ali kamwana, atamuika m'dengu panjinga. Khadi lake loyamba la katemera wa chiwewe ndili nalo mpaka lero, m'sutukesi, mu envulopu yachitatu.

Mayi anatisiya mvula ili mkati, ndipo galuyo anasiya kudya. Ankagona pakhomo la khitchini, nkhuku n'kumadya m'mbale yake iye akuona. Nthiti zinayamba kuonekera. Ndinapita naye kwa alangizi a ziweto ku Madisi, amene atamukanula kukamwa anati mano akumbuyo anatha, azipatsidwa zofewa, zopanda mchere kapena anyezi. Ndinawapempha kuti alembe. Anandiyang'ana kanthawi, koma analemba. Pepalalo lilipo.

Phala anakana. Mkute woviika m'madzi anakana. Ndiye ndinagula kope n'kuyamba kuyesa zimene nyengo inali kupereka. Ngumbi zosinja zosakaniza ndi gaga ananyambita kawiri n'kuchoka. Chimanga chachiwisi chosinja anangonunkhiza. Chimene chinathandiza chinabwera maungu atakhwima: dzungu lophika lopota, nsinjiro makapu awiri, mgaiwa kapu imodzi, dzira limodzi, ndi mitu ya usipa yosinja bwino. Ndinkaumba timikate tofanana ndi bokosi la machesi, n'kutiphika m'poto, makala pansi ndi pamwamba, monga amachitira chigumu. Tsiku loyamba anadya titatu n'kupita kukauwa mbuzi. M'kope ndinalemba mawu amodzi: wauwa.

Vuto la dzungu n'lakuti lili ndi nyengo yake. Pofika nthawi yozizira, mphepo ikutsika m'mapiri a ku Ntchisi, pansi pa nkhokwe panatsala dzungu limodzi. Mbatata ndinayesa m'malo mwake, anakana. Dzungu lomalizalo ndinaliphika Lachitatu, ndipo linatulutsa timikate makumi anayi. Tinayi patsiku, masiku khumi, ndipo pamasiku amenewo ndinayenera kupeza njira ina. Ndinatiyala m'lichero, n'kuphimba ndi nsalu yoyera, n'kuika patebulo pabalaza poopa nkhuku. Pamwamba ndinaikapo kapepala kolemba chiwerengero ndi tsiku. Sindinalembe kuti ndi ta ndani, chifukwa m'nyumba muno timakhala awiri, ndipo tonse tinkadziwa.

Lachinayi lake mphakati wathu unkakumana kwathu, popeza mapempherowa timachitira m'makomo mosinthana. Mwana wanga anatumiza mkazi wake kuchokera ku Malomo kuti adzathandize kulandira alendo. Mpongozi wangayu ndi mwana waulemu. Sandifunsa mafunso. Akafuna kundiuza kanthu amagwada patali n'kumalankhula akuyang'ana pansi. Ataona lichero lophimbidwa bwino patebulo tsiku la alendo, anamva zimene aliyense woleredwa bwino akanamva.

Titamaliza nyimbo yotsekera pakhonde, anatulukira ndi ketulo ya tiyi, n'kubwereranso m'nyumba, n'kutuluka ndi lichero lija. Ndisanatsegule pakamwa, akatekisiti anali atadalitsa kale chakudya ndipo analuma. Mlendo salandidwa chakudya chili m'manja, makamaka chodalitsidwa. Ndinangoyamba kuwerenga timikate totsala.

"Waphika ndani izi?" anafunsa amayi apampando wa mphakati.

"Ine," ndinatero.

"Inu, abambo? Ee, umasiye ukuphunzitsa anthu ntchito! Koma mchere ndiye mwaumira."

"Muli kansomba chapatali," anatero mkulu wina amene amalima fodya kutsidya kwa dambo, akutenga kachinayi. "Zikumveka zachizungu."

Galu anali atakhala pansi pa masitepe. Sanauwe. Ankangotsatira ndi maso dzanja lililonse kuchokera m'lichero kukafika kukamwa.

Timikate titatsala tisanu ndi tiwiri, amayi ena anamasula nsonga ya chitenje nati atengereko adzukulu. Apo ndinaimirira. Ndinalowa m'nyumba n'kubwera ndi kope komanso pepala la alangizi, ndipo ndinawerenga zonse mokweza, kuyambira tsiku la ngumbi mpaka dzungu lomaliza.

Akatekisiti ankayang'ana m'kapu mwawo. Mpongozi wanga anazimiririka kuseri kwa nyumba.

"Abambo, mwatidyetsa za galu?" anatero amayi apampando.

"Ayi, mayi. Inu mwamudyera galu zake."

"Iii, tamvani! Ife tabwera kudzapemphera!"

"Mwapemphera ndithu. Ndipo mulibe choipa m'menemo. M'manja ndinasamba, poto ndi yemweyo ndimaphikira zanga, usipa ndi womwe mumagula inu pamsika."

Mkulu wa fodya uja anapita kukalavula kuseri kwa mtengo wa mango, ngakhale panalibenso cholavula. Ine ndinapitiriza, chifukwa ndinali ndisanamalize. Ndinawauza kuti dzungulo linali lomaliza, kuti galuyo sadya china chilichonse, ndi kuti mwini wake onse ankamudziwa, popeza ndi iwo omwe anaimba pamaliro ake. Sindinakweze mawu. Anthu anabalalika, ena osatsanzika, ndipo benchi yobwereka ndinakabweza ndekha.

Mpongozi wanga anabwera n'kugwada patali kuposa masiku onse. Ndinamuuza kuti cholakwa chinali cha kapepala, ndipo kapepalako ndinalemba ndine. Timikate totsala ndinatigawa tiwiri patsiku. Galu ankadya n'kukhala akundiyang'ana, ine n'kumayang'ana kwina.

Loweruka m'mawa nditatsegula chitseko ndinapeza maungu asanu pakhonde. Panalibe munthu, panalibe kalata. Lamulungu pobwera ku tchalitchi ndinapeza ena anayi, ndipo Lolemba awiri. Limodzi linali lowola pansi, ndipo ndinalemba choncho. Palibe amene wavomera mpaka lero, koma limodzi linali lalitali la mawanga, ndipo dzungu lotere kuno amalima ndi munthu mmodzi yekha, kutsidya kwa dambo.

Patapita sabata, amayi apampando anabwera okha masana. Anakhala pampasa, anafunsa za chifuwa changa, za fodya, za mphepo, kenako anafika pa chimene anadzera.

"Kaphikidwe kaja ka timikate, abambo, mungandikopereko? Bambo a kunyumba mano anawathera, zolimba sakutha."

"Mitu ya usipa ndichotsemo?"

"Isiyeni momwemo. Mungowonjezerapo kamchere."

Ndinakopera papepala, n'kulemba pamwamba kuti ili ndi la anthu, ndipo anasaina m'kope kuti alandira.

Maungu aja anatifikitsa m'chilimwe. Ena ndinawadula n'kuwayanika padzuwa, ndipo ouma oviika m'madzi ofunda galu anawalandira; zili patsamba 23 la kope. Chaka chino ndadzala mizere itatu yoonjezera ya maungu m'mphepete mwa chimanga. Lichero tsopano limakhala ndi chikwangwani cha katoni, zilembo zikuluzikulu, chomangirira ndi luzi. Galuyo nthiti sizikuonekanso, ndipo mbuzi za eni ake zikumudziwa. Mphakati ukakumana kwathu amakhala pansi pa masitepe pomwe paja, maso ali pamanja a akatekisiti.