Tsiku limene anandichotsera makwerero ku Luveve

Ndikudziwa kuti ena mukawerenga nkhaniyi munena kuti mdalayu wayamba kukometsera, koma zimene ndikulemba panozi zinandichitikiradi, ndipo chipsera chake chili pamkono wanga wamanzere, wokayika abwere adzachione. Mayina sinditchula chifukwa anthu ake ali moyo, ena timakhala nawo benchi limodzi pamaliro. Komanso muli mbali ina imene sindinauzepo munthu, ngakhale mkazi wanga, ndiye mudziweruzire nokha ngati munthu wabodza angadziyalutse chonchi.

Ine ndine kalipentala. Ndinabadwira konkuno ku Bulawayo, bambo anga anachokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito ya njanji, nanenso ndinagwirako komweko mpaka tsiku limene bondo langa linathyoka n'kuikidwa chitsulo. Kuchokera pamenepo ntchito yanga ndi yokhoma madenga, ndipo ku Luveve, dera limene ndimakhala mumzinda uno, amandidziwa kuti ndine munthu wovuta, wosanyengerera, woti ukandipatsa mitanda yopindika ndimakuuza pamaso pa mkazi wako. Sindibisa, mbiri imeneyi ndinkaikonda kwambiri.

Chaka chimenecho mvula yoyamba inabwera ndi mkuntho woopsa, Lamlungu masana, anthu atangobwera kumene kutchalitchi. Siinakhalitse ayi, koma itadutsa malata anali m'mitengo ndi pamawaya a magetsi, ndipo m'nyumba zina ukangolowa unkaona kumwamba. Patapita masiku mpingo wina unapereka malata okwanira nyumba khumi ndi ziwiri zokha, pamene nyumba zoonongeka zinali zambirimbiri. Komiti ya m'dera lathu inandipatsa kope n'kundiuza kuti ndiyendere nyumbazo, ndikwere padenga lililonse, ndilembe khumi ndi ziwiri zimene zaonongeka kwambiri. Anati asankha ineyo chifukwa palibe angandipinde.

Mwina mukufunsa kuti kukwera padenga n'kwa chiyani, kodi denga losasuka silioneka uli pansi? Abale anga, anthu akamva kuti kukubwera malata aulere amachita zinthu. Ena amakwera okha n'kusasula denga lawo lakale lodontha, kenako n'kukhala pakhonde atagwira tsaya. Koma mphepo ndi munthu sasasula mofanana. Mphepo imang'amba lata, msomali umatsala pamtanda uli ndi kachidutswa ka lata pansi pa mutu wake, ndipo malata amagwera kutali, mbali imodzi, atapindikapindika. Munthu amazula msomali ndi nyundo, bowo limatsala lozungulira bwinobwino, ndipo pambali pake pamakhala pobonyoka pamene nyundo inatsamira. Zimenezi uli pansi sungazione.

Pofika tsiku lachitatu mizere yonse khumi ndi iwiri inali itadzaza. Womaliza anali mayi wina wamasiye wa ana atatu, amene denga lake lonse linapita, iye n'kuyala mapulasitiki pamitanda yotsala. Ndikulemba nambala ya nyumba yake anandifunsa kawiri ngati ndalembadi, ndipo ndinamuonetsa kopelo kuti aone ndi maso ake.

Ndikubwerera kunyumba cha m'ma thuu koloko, ndinaitanidwa ndi bambo wina amene ndinakula naye. Makolo athu anachokera dera limodzi, tili m'sosaite imodzi ya maliro, ndipo bambo anga atamwalira iyeyu anali mmodzi mwa onyamula bokosi. Anati achimwene, kodi mwayendera aNdebele onsewa n'kudumpha nyumba ya m'bale wanu? Anandionetsa zipinda ziwiri zimene anawonjezera kuseri kwa nyumba yake, chimodzi chili pululu chopanda denga, n'kunena kuti mkuntho wamumaliza. M'mawa mwake wailesi inali itachenjeza kuti madzulo kubweranso mvula yamkuntho, ndiye ndinkafuna kufulumira. Ndinatsamiritsa makwerero anga pakhoma n'kukwera.

Sindinafunike ngakhale kugwada. Mabowo onse anali ozungulira, mitanda ili ndi zipsera zatsopano za nyundo, ndipo malata amene ankati anauluka anali atasanjidwa bwinobwino kuseri kwa chimbudzi, ngati kuti mphepoyo inali yaulemu. Choipa kwambiri chinali chakuti pachipinda chachiwiri, chimene chinali chikadali ndi denga, anali atazulanso misomali pafupifupi yonse n'kutsindira malatawo ndi njerwa. Zikuoneka kuti anayamba ntchitoyo koma anaisiyira panjira atakumbukira kuti m'chipindamo mumagona mayi ake, gogo wodwala miyendo amene sankathanso kuyenda.

Ndikanakhala wanzeru ndikanatsika kaye n'kumuuza tili awiri. Koma pakamwa pangapa sipadziwa kudikira. Ndili pamwamba pomwepo ndinamuuza mokweza kuti mphepo ya kwanu kuno ili ndi nyundo, ndipo ndinawonjeza kuti akhomenso misomaliyi lero lomwe asanaphe mayi ake. Pabwalo panali alendi ake ndi anthu oyandikana nawo, ena anaseka. Ndinaona nkhope yake ikusintha. Anangopita pakhoma, n'kugwira makwerero anga ndi manja awiri, n'kuwagoneka pansi.

Poyamba ndinayesa nthabwala. Ndinamuuza kuti asiye zachibwana, koma iye anayang'ana m'mwamba n'kunena mawu amene ndimawamvabe mpaka lero.

"Achimwene, mutsika mukalemba."

Ndinayang'ana uku ndi uku. Kutsogolo kunali bwalo la simenti, khoma lake lalitali chifukwa nyumbayo ili potsetsereka, kumbuyo kunali mpanda wokhala ndi mabotolo oswa pamwamba. Mnyamata akanadumpha, koma ine ndi bondo lachitsulo ndi zaka zoposa makumi asanu, ndikanatera bwanji? Foni yanga inali m'chikwama cha zida, pansi, pafupi ndi mapazi ake.

Anthu anayamba kuchuluka, ndipo musaganize kuti anabwera kudzandithandiza. Ambiri anali a nyumba zimene ndinazikana, ndiye anapeza potulutsira mkwiyo wawo. Mayi wina anati ndine wonyada, ndimadziyesa khansala. Wina anati malatawo ndikufuna kukagulitsa. Azibambo ena ankangokuwa m'Chindebele kuti "Bhala, mdala, bhala," kundiuza kuti ndilembe, ndipo wina anaponya kamwala kamene kanagwera palata pafupi ndi phazi langa. Mnzanga uja ndiye anandilasa pamtima, chifukwa anauza anthuwo m'chinenero chathu chomwe kuti ndine munthu wogulitsa mtundu wake, ndipo tsiku limene ndidzafe ndidzadzinyamula ndekha kupita kumanda. Ndinamutukwana, sindikana, mawu ake sindingawalembe pano.

Tsono ine ndinali ndi chinthu chimodzi chimene iwo analibe, ndinkaona kutali. Cha kumbali ya ku Nkulumane, dera lina la mzindawu, kunali kutada bii, ndipo pansi pa mtambowo panali fumbi lofiira likuyenda ngati khoma. Anthu okhoma madenga tili ndi chizolowezi, mphezi ikang'anima timawerenga mpaka bingu limveke, kuti tidziwe ngati mvula ikubwera kapena ikupita. Ulendo woyamba ndinafika pa khumi ndi zisanu. Patapita kanthawi ndinafika pa zisanu ndi zitatu. Ndinawauza kuti anthu inu, mkuntho ukubwera kuno ndipo ine ndaima pachitsulo, koma anati ndikuwaopseza. Kwa iwo dzuwa linali likuwalabe pakhoma.

Kenako ndinawerenga n'kulekeza pa zitatu. Ndinaganiza za mkazi wanga akuuzidwa kuti mwamuna wake wapsa ndi mphezi padenga la munthu. Ndipo apa ndi pamene pali mbali imene sindinauzepo munthu ija. Ine wovuta uja, ine wosapindika uja, ndinakhala pansi palata, ndinatulutsa kope m'thumba la ovolosi n'kulitsegula. Mizere inali yodzaza, ndiye kuti ndilembe nyumba yake panafunika kuchotsa ina. Sindinasankhe mwanzeru ayi, dzanja linangopita pamzere womaliza. Ndinakhwatcha nambala ya mayi wamasiye uja, n'kulemba ya mnzangayo pambali pake.

Ndinamuonetsa tsambalo ndili pamwamba n'kumuuza kuti ndalemba, aimike makwerero. Anthu ena anali atayamba kale kuthawa chifukwa fumbi linali litafika ndipo madontho akuluakulu anali atayamba kugwa, moti amene anaona bwinobwino zimene ndinachita ndi iye yekha. Koma onani mtima wa munthu, sanandikhulupirire. Anati ndiponye kaye kopelo aone ngati si nambala yabodza, ine ndinati aimike kaye makwerero, ndipo tikukanganabe choncho mphepo inafika.

Sindidziwa kuti ndikufotokozereni bwanji phokoso lake. Njerwa zotsindira zija zinayamba kutsetsereka imodziimodzi, lata limene ndinakhalapo linadzuka kutsogolo n'kumenyanso pamtanda, ndipo ndinadzigwetsa chafufumimba, manja ndi miyendo nditatambasula. Matalala ankandimenya kumsana ndi m'mutu. Lata la pambali panga linanyamuka lonse n'kupita, ndipo pampata umene linasiya ndinaona m'chipinda. Gogo uja anali pabedi pansi panga penipeni, atafunda bulangete mpaka pachibwano, maso ali kwa ine. Gogo ameneyu ankabwera kwathu kudzacheza ndi mayi anga ndili mwana. Njerwa imodzi inagwera pafupi ndi mutu wake.

Ndinakuwa ndi mphamvu zanga zonse kuti mnzanga uja atulutse mayi ake. Sindidziwa ngati anandimva kapena anangoona lata likuuluka, koma ndinamuona akulowa ndi mkazi wake. Anavutika kuwanyamula chifukwa gogoyo anali wathupi, ndipo nthawi yonseyo malata awiri amene anali pamwamba pa bedi ankagwiridwa ndi thupi langa basi, pamodzi ndi njerwa zotsala zimene zikanagwera pa iwo. Anthu amati ndinachita chamuna. Ine ndikuti ndinalibe kwina kopita.

Atangowatulutsa pakhomo, mphepo inalowa pansi pa lata langa n'kulitembenuza. M'mphepete mwake munandicheka mkono kuyambira pachigongono, mtanda unathyoka, ndipo ndinagwera m'chipindamo, pabedi lomwe lija, likadali lofunda. Fupa la paphewa linathyoka. Ndinagona pamenepo mvula ikundithira kumaso, pamwamba palibenso denga, ndipo chimene chinabwera m'mutu mwanga n'chakuti tsopano nyumbayi yasasukadi.

Kuchipatala ndinakhalako masiku angapo chifukwa bala linatupa. Ndili komweko a komiti anatenga kope lija m'thumba la ovolosi yanga, analiyanika padzuwa, ndipo anagawa malata monga mmene ndinalembera. Anati iwo sangasinthe zimene walemba munthu woona ngati ine. Nyumba ya mnzanga uja palibe anaikayikira, poti aliyense ankaona kuti ilibe denga. Nditatuluka ndinapeza malata atsopano akuwala kuseri kwa nyumba yake, ndipo mayi wamasiye uja anali akadali m'mapulasitiki. Anakhalamo dzinja lonse ndi ana ake, wamng'ono n'kudwala chifuwa mpaka mvula itatha.

Anthu amene ankandikuwiza aja anasintha nkhani. M'makombi, maminibasi a kuno, ndi kumsika ankanena kuti mdala uja anakana kulemba bodza mpaka mphepo inamugwetsa, ndipo anapulumutsa gogo. Za makwerero aliyense anaiwala kuti analipo. Mnzanga uja timakumanabe kusosaite, amandipatsa moni wa achimwene, nanenso ndimayankha. Iye sanena za tsamba lija, ine sindinena za makwerero, ndipo ndikamuona akuseka ndi anthu mtima wanga umawira mpaka ndimatuluka panja.

Phewa litapola ndinatolera malata akale kwa anthu amene ndinkawagwirira ntchito, ndinawongola, ndinamata mabowo, n'kukakhoma denga la mayi uja. Sanandifunse chifukwa chake nambala yake inakhwatchidwa, ankaganiza kuti ndi a komiti anachita zachinyengo ine ndili m'chipatala. Nditatsika anagwada pabwalo, nandigwira dzanja lachipsera lomweli.

"Baba, anthu onse akanakhala ngati inu."

Ndinangoti zikomo amayi, n'kunyamula zida zanga.

Lero ndimakhulupirira kuti mkuntho sundiopsa ngati mmene amandiopsera munthu amene waima pansi atagwira makwerero ako, makamaka akakhala woti mumadya naye. Ndimakhulupiriranso kuti munthu asamadzitame kuti sapindika ngati sanayambe waimapo pachitsulo bingu lili pafupi. Inu amene mudzatumidwe kukaona nyumba zoonongeka, mangirirani makwerero anu kumtanda ndi waya, foni ikhale m'thumba, ndipo zimene mwaona muzinene mutatsika. Mitambo ikada musakwere ngakhale akuitaneni kuti achimwene. Ndipo ngati wina wakufunsani kawiri kuti mwandilembadi, dzina lake musaliike pamzere womaliza, chifukwa mantha akafika dzanja limayambira pomwepo.